Mmereka wa Masana Amodzi

Mpaka lero ndikamva anthu akukangana za Amereka, ena akuti ndi anthu abwino, ena akuti ndi odzimva, ine ndimangodzuka kukathirira masamba anga. Sikuti ndilibe maganizo ayi. Ndinakhalapo Mmereka ine, masana amodzi okha, ndipo zinathera m'chitokosi.

Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndili khukhi komanso wosamalira maluwa pa nyumba ina ku Hatfield, mu Pretoria. Bwana wanga anali mzungu wa ku Amereka, dzina lake Gary, amene anabwera ku Joni kudzagulitsa makina othirira m'minda. Anali wamtali, wofiira m'khosi, mawu ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje. Tsiku loyamba nditati "Moni bwana," anandimenya paphewa n'kuti, "Ayi ayi, muno mulibe bwana, ndine Gary basi!" (Lilime langa linakana. Munthu wokulemba ntchito ungamutchule dzina ngati mwana wa mlongo wako? Ndinkangoti a Gary, iwo osadziwa kuti "a" ameneyo ndi bwana yemweyo, wangosintha malaya.)

Mumsewu mwathu sankawakonda. Mabunu oyandikana nafe ankati Amereka amabwera ndi pakamwa pokha, kudzaphunzitsa eni dziko mmene angakhalire kwawo. Anzanga akuda a ku Mamelodi ankati Amereka amalira nawe m'mawa, masana n'kukachita malonda ndi boma lomwe likukulizalo. Ine ndinkangosesa maluwa a jakaranda.

Loweruka lina a Gary analowa m'khitchini maso akuwala.

"Lero tikadyera limodzi nkhomaliro ku hotela ya ku Sunnyside. Iwe ndi ine, tebulo limodzi."

"A Gary, kumeneko ife akuda timalowera kumbuyo, ndipo timapita kukatsuka mbale."

"Ndiye zopusa zake zimenezo! Ndaganiza kale. Ndamva kuti mlendo wakunja amamulola. Tikanena kuti ndiwe mnzanga wochokera ku Chicago. Dzina lako ndi Leroy."

Mwa mayina onse a pansi pano, abale! Kumupatsa munthu wa ku Ntcheu dzina lotere n'kumuwoloketsa pa ulalo wa mtengo umodzi.

"Reloi," ndinayesa.

"Ayi, Leroy."

"Leloi."

Anakanda m'mutu. "Chabwino, dzina ndizitchula ndine. Aliyense akakulankhula, uzingoti 'Yeya, mani.'"

Ndikanatha kukana. Koma ntchito imeneyo ndi imene inkadyetsa ana anga kumudzi, ndipo bwana akasangalala chonchi sumuthira madzi ozizira. Komanso (pano ndisaname) ndinkafuna ndione kuti nyama imene ndinkawotchera ena tsiku ndi tsiku imakoma bwanji ukamaidya utakhala pampando, wina akukufunsa ngati mchere wakwana.

Anandiveka thalauzi lawo la mabokosimabokosi, lalitali moti tinalipinda kumapazi, jekete yachikasu ndi magalasi akuda. Ovolosi yanga ndinaikoleka kuseri kwa chitseko. M'thumba mwake munali pasi langa, kabuku kaja koti munthu wakuda akapezeka m'tauni alibe, amakwera galimoto ya polisi. Nthawi imeneyo sindinaganizeko. Mmereka amayenda ndi pasi ngati?

Pakhomo la hotela, manijala anandiyang'ana kuyambira kumagalasi mpaka kumapindo a thalauzi. A Gary anayamba kukuwa za Chicago, za alendo olemekezeka, za nyuzipepala za kwawo zimene zidzalemba nkhaniyi ngati mnzawo abwezedwa. Anthu onse anasiya kudya. Manijala anatopa, n'kutilozera tebulo la pakona, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini.

Tisanaitanitse n'komwe, Mbunu wina wonenepa ananyamuka patebulo lake, mpango uli pakhosi, n'kudzaima pamutu panga.

"Ndiwe wa ku Amereka?"

"Yeya, mani."

"Inu anthu mumabwera kuno kudzatiweruza. Nanga eni dziko a kwanuko, amene munawapeza, munawasiya kuti? Simunawathamangitse?"

"Yeya, mani."

"Ndiye ukuvomera kuti dziko lanu ndi lachinyengo?"

"Yeya, mani."

A Gary anandiponda phazi pansi pa tebulo. Mbunu uja anasowa pogwira. Anabwera atakonzekera ndewu, n'kupeza Mmereka wovomera mlandu wonse. Anatembenukira kwa a Gary, ndipo awiriwo anayamba kulozana zala, aliyense akuwerengera mnzake machimo a dziko lake. Ine ndinkangoyang'ana mafoloko atatu amene anali patsogolo panga. Ndinkawadziwa onse poyala, koma podyera sindinkadziwa kuti ndiyambe ndi iti.

Kenako a Gary anaitanitsa nyama, ndipo anabwera nayo woperekera zakudya, bambo wakuda wa msinkhu wanga. Ndinaganiza kuti uyu ndiye asangalala kuona mnzake atakhala pamalo a azungu. Anaika mbale patsogolo panga ngati akuponyera galu, n'kuuza woperekera mnzake m'Chisutu, "Tamuona uyu. Wabwera pa ndege kudzadya ndi Mabunu. Mawa akajambula ana athu ku lokeshoni, n'kubwerera kwawo kukanena kuti anaona mavuto."

Chisutu ndinkachimva bwinobwino, popeza ndinali nditakhalitsa ku Joni. Mnzake anawonjezera kuti thalauzi langa likuoneka ngati nsalu yapatebulo. Ndinafuna kuyankha kuti pamenepo ndiye wanena zoona, koma Leroy samva Chisutu. Ndinamwetulira ngati chitsiru.

Woperekera uja anawerama ngati akukonza mpeni, n'kundinong'oneza m'Chingerezi, "Ukabwerera, ukawauze akuluakulu a kwanu kuti chisoni chawo tatopa nacho. Asankhe mbali."

"Yeya, mani," ndinatero. Nyama ija ndinali ndisanalawe, koma njala inali itatha.

Mbiri inafika kukhitchini kuti kwabwera Mmereka wakuda. Otsuka mbale ankasuzumira mmodzimmodzi. Potsiriza chitseko chinatseguka, n'kutuluka khukhi wamkulu, chipewa choyera kumutu, akupukuta manja. Anali abambo Mbewe, mkulu wa mpingo umene ife Amalawi tinkasonkhanako Lamulungu masana. Ndinkadziwa kuti amaphika ku hotela ina ku Sunnyside, koma sindinawafunsepo kuti iti.

Anandiyang'ana, n'kupendeketsa mutu.

"Iii, achimwene! Muli bwanji?"

Ndikuuzeni, mutu unadziwa kuti ndine wa ku Chicago, koma thupi linaleredwa ku Ntcheu. Ndisanaganize, ndinali nditaimirira, magalasi nditavula, mawondo nditapinda, manja ndikuwomba.

"Ndili bwino abambo, kaya inu?"

Mbunu uja anayamba kuseka mpaka kutsamwa. Woperekera zakudya anandiyang'ana, ndipo ndinaona pankhope pake akukumbukira zonse zimene ananena m'Chisutu. Abambo Mbewe anazindikira mochedwa, anagwira pakamwa, n'kubwerera chambuyo kulowa kukhitchini.

Manijala sanakuwe. Anangopita pa foni.

Apa mpamene ndinawapempha a Gary kuti tizipita mwakachetechete. Akanamva, bwenzi titafika kunyumba apolisi asanabwere. Koma iwo anaimirira pakati pa hotela n'kuyamba ulaliki: kuti anthu onse analengedwa ofanana, kuti kwawo zotere sizingachitike, kuti sachoka mpaka mnzawo atamaliza kudya. Mawu abwino ndithu. Ndinkawamva uku ndikusisita m'matumba a jekete yachikasu, mmene munalibe chilichonse koma chotokosera m'mano.

Apolisi atafika, a Gary anatulutsa pasipoti yawo, ndipo anauzidwa mwaulemu kuti apite kunyumba akapume. Ine anandifunsa pasi. Ndinakwera kumbuyo kwa galimoto, thalauzi litamasuka mapindo, ndikuliponda.

M'chitokosi ndinapeza amuna ambiri ogwidwa pa nkhani yomweyo ya pasi. Anaona jekete, n'kufunsa kumene ndachokera. Ndinali nditatopa ndi Amereka, choncho ndinanena ndi mtima wonse kuti ndine Mmalawi.

"Ehe, Mnyasa!" anatero mkulu wina wopanda mano akutsogolo. "Inu amene boma lanu limagwirana chanza ndi Mabunu? Dziko lonse la Afirika likuwakana, inu mukumwa nawo tiyi."

Ndinafuna kunena kuti tiyi ameneyo ine sindinamweko, ndipo palibe anandifunsa maganizo. Koma ndinakumbukira kuti a Gary nawonso palibe anawafunsa za malonda a boma lawo, kapena za eni dziko amene anathamangitsidwa iwo asanabadwe. Ndinakhala pansi pakona, n'kuvula jekete ija kuti ndikhalire.

Ndinatuluka Lolemba. Kunena chilungamo, a Gary sanandisiye. Anabweretsa pasi Loweruka lomwelo, koma wapolisi wapakauntala anati woyenera kuliona kulibe. Anabweranso Lamulungu ndi buledi ndi nkhuku yokwanira chitokosi chonse, moti mkulu wopanda mano uja anayamba kunditchula m'bale. Anapitanso ku hotela kukapepesa kuti abambo Mbewe asachotsedwe ntchito, ndipo akuti tsiku limenelo analankhula motsitsa mawu. Ponditenga, misozi inali m'maso mwawo. Mbunu aliyense amene ndinamugwirirapo ntchito akanangolemba wina.

Ndiye mukandifunsa ngati Amereka amadedwa mwachilungamo, ndimausa moyo. Amene ndinamudziwa ine anali ndi mtima wabwino, ndipo mtima umenewo ndi umene unandigoneka pa simenti. Sankafuna kundipweteka. Ankangokhulupirira kuti chinthu chikakhala cholondola, ndiye kuti chitheka lero lomwe, bola ulankhule mokweza. Ndipo zikavuta, iye anali ndi ndege yobwererera kwawo.

Kumpingo abambo Mbewe anasunga chinsinsi mpaka pemphero lotsekera. Kuchokera pamenepo amayi onse ankandipatsa moni wa "Muli bwanji a ku Chikago?"

Patangopita milungu yochepa, kukutentha, a Gary analowanso m'khitchini maso akuwala, atanyamula makabudula awiri osambira. Anati pali dziwe losambira la azungu okhaokha, ndipo nthawi ino aganiza bwino kwambiri, tikanena kuti ndine wa ku Jamaica.

Ndinazimitsa mbaula, n'kupukuta manja.

"Bwana," ndinatero, ndipo ulendo uno sanandiletse, "pitani nokha. Mukabwera mudzandiuze mmene madzi analili."