Basela wa Amesitiri pa Boti la Amalume

Lamlungu, 9 Juni. Ndakhala pakhonde ndikusoka dzanja la bulauzi yanga ya ku tchalitchi, ndipo ulusi ukungosololoka. Amayi andifunsa chimene chang'amba bulauziyi, ndawayankha kuti ndi chitsulo. Sindinaname. Kungoti nkhani ya chitsulocho ndi yaitali, ndipo pakamwa sindingaithe, ndiye ndiilembe kuno. Amene mudzawerenge izi, sekani pang'onopang'ono, ndine munthu wamanyazi.

Amalume anga ali ndi boti la injini ku nyanja ya Amaramba, amawolotsa anthu ndi katundu. Kutsogolo kwa botilo kunali chitsulo chogwirira, mapaipi opindika mozungulira mphuno ya boti, choti munthu azigwira pokwera ndi potsika. Chinadyeka ndi dzimbiri kalekale, koma amalume ankangochimanga ndi mphira ya chubu cha njinga, n'kumati chikadali ndi moyo. Mwezi wathawu apongozi awo, mayi a atiya Roza (akazi a amalume timawatchula choncho), anachitsamira potsika. Chitsulo chinapita m'madzi, iwonso anapita m'madzi, dengu la ufa linawatsatira. Madzi ake anali ofika m'mawondo okha, koma agogo aja ndi munthu wathupi ndiponso wodziwika, ndipo padoko panali anthu.

Tsiku lomwelo anatenga mwana wawo ndi kamdzukulu n'kubwerera nawo kumudzi kwawo kutsidya. Anati atiya anangobwereketsedwa chitengwa, sanagulitsidwe, ndipo sabwerera kwa mwamuna wofuna kumiza apongozi ake mpaka boti litakhala ndi pogwira munthu wamkulu. Anatchula Lamlungu la lero kuti adzaliona okha. Chiyambire pamenepo amalume akhala akudya chinangwa chootcha, ndipo lamba wawo anamubowola bowo lina.

Lachinayi anafika kuno ku Mandimba pa njinga yamoto, atanyamula zidutswa za chitsulo chakale. Analipira kwa wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi msika, amene aliyense amamutchula kuti amesitiri, n'kundiuza kuti Loweruka ndikatenge chatsopano ndipite nacho kunyanja. Amesitiri atayeza zidutswazo, amalume anabwerera nazo kwawo. Anasankha ine chifukwa, mwa mawu awo, ndine wosamala ndipo sindiyankhula zambiri. (Lero adziwa kuti zinthu ziwirizi si zofanana.)

Amesitiri ndi bambo wabwino mtima. Amapanga mageti a anthu ogula fodya ndi zotchingira mawindo, ndipo nyanja sanaionepo, amangoidya ikabwera yowuma mu dengu. Loweruka m'mawa nditafika, ananditengera kuseri kwa shedi yawo akumwetulira ngati munthu wobisa mphatso. Chitsulo chinali chitatsamira khoma. Kupindika kwake kunali kofanana ndi chakale, mabowo a mabawuti ali m'malo mwake, penti wakuda akuwala. Koma pamwamba ponse, pomwe dzanja la munthu liyenera kugwira, anali atawotchererapo timikondo tosongoka ngati ta pa geti, n'kutipaka penti wagolide. Pakati panali mitima iwiri yopotana.

Anandiuza kuti chakale chija chinali chosauka, ngati m'kamwa mopanda mano, ndipo iwo sangalole ntchito yotero kutuluka pashedi pawo.

"Zapamwambazi sunalipire, mwanangu," anatero. "Ameneyu ndi basela."

Inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Mayi wa tomato akakuwonjezera imodzi pamwamba pa mulu, sumufunsa ngati yapsa. Basela sakanidwa, kumukana kuli ngati kukana madzi akumwa pakhomo pa munthu. M'mutu mwanga mawu analimo ndithu, ondondozana bwino: amesitiri, apa m'pogwira anthu, adzabayika. Anatsika mpaka pakhosi, n'kuona nkhope ya amesitiri, n'kubwerera. Chimene chinatuluka n'chakuti ndinapinda mawondo, ndinaomba m'manja pang'ono, ndipo ndinati zikomo kwambiri, chakongola.

Liwu lakuti chakongola ndi limene linandipha. Amesitiri anasangalala kwambiri moti anandiuza kuti ndidikire, anavala magalasi awo akuda aja, n'kuwotcherera mkondo wina wautali kuposa yonse pansonga penipeni. Ine ndinaima pambali nditatseka maso chifukwa cha kuwala, ndikuthokozanso.

Za mu chapa, minibasi ya kwathu kuno, ndingofupikitsa. Mnyamata woitanira anachimanga padenga pamodzi ndi matumba, ndipo titafika pamphambano yotsikira pa msewu wa ku Cuamba, thumba la nyemba la mayi wina linali litachepa ndi theka. Mayiyo anakalipira mnyamatayo, mnyamatayo anakalipira dalaivala, dalaivala anakalipira msewu. Ine ndinayang'ana zala zanga za kumapazi.

Kuchoka apo ndinakwera njinga yamoto. Panalibe pomangira, ndiye ndinalowa m'kati mwa chitsulocho n'kuchigwira m'chiuno, mikondo italoza kumwamba. M'midzi yomwe tinadutsa anthu ankasiya zochita. Bambo wina anavula chipewa. Titaima kuti woyendetsa athire mafuta a m'botolo, mayi wogulitsa mafutawo anandiyandikira, n'kundigwira phewa mofatsa, n'kuti pepani, anali ndani wanu. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndanyamula chinthu chofanana ndendende ndi mpanda wa pamanda. Ndinayankha kuti zikomo. Anandipatsa nthochi ziwiri za chipepeso. (Ndinadya. Ndinali ndi njala, ndipo kubweza kukanafuna kufotokoza.)

Amalume ndinawapeza padoko akutunga madzi m'boti. Anachiyang'ana chitsulo nthawi yaitali, anachizungulira, anakhudza nsonga imodzi ndi chala n'kuchiika m'kamwa.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero motsitsa mawu, "lilime unalisiya kusukulu?"

Ndinati ndi basela. Ngakhale iwo basela sakanamutsutsa, chifukwa nawonso analeredwa ndi agogo anga omwe analera amayi.

Sowo yodulira zitsulo kunyanja kulibe. Yomwe inalipo inapita ndi mwini wake ku maliro ku Ngauma. Amalume anayesa hamala pa mkondo wautali wa pansonga uja. Amesitiri ntchito amaidziwa, mkondo sunathyoke, unangopindikira kunja n'kusanduka mbedza. Atatopa anamanga chitsulo paboti ndi mabawuti, ndipo chinakwana bwinobwino, zomwe zinawakwiyitsa koposa. Kenako anandituma kukatola zitsononkho za chimanga kuseri kwa nkhokwe ya anansi, ndipo tinasomeka chimodzichimodzi pa mkondo uliwonse. Boti linaoneka ngati likupita kukagulitsa chimanga chootcha chodyedwa kale. Asodzi anzawo anabwera kudzaonera. Wina anafunsa ngati amalume ayamba kuopa kuti mvuu ziwabera injini.

Lero m'mawa tinawoloka. Amalume anavala malaya oyera. Ine ananditenga chifukwa mkamwini sayankhula ndi apongozi ake maso ndi maso, pamafunika wina wapakati wonyamula mawu. Taganizani, mwa anthu onse a m'dziko muno, wonyamula mawu n'kukhala ine.

Kutsidya tinapeza agogo aja ataima padoko atavala nsalu ya kapulana yatsopano yamaluwa ofiira, atiya ali kumbuyo kwawo ndi mwana kumsana, ndi amayi ena a m'mudzi amene anangobwera kudzatsuka mbale zoyera kale. Amalume anazimitsa injini n'kuyamba kuiyang'anitsitsa ngati aiona koyamba. Agogo anayang'ana ine.

"Afunse amalume ako ngati abwera kudzanditenga kapena kudzandiika."

Ndinatembenuka n'kuuza amalume kuti agogo akupereka moni. Amalume, amene anamva zonse okha chifukwa anali pamtunda wa mikono itatu, anati ndiwauze kuti chitsulochi n'cholimba, ngakhale ng'ombe itatsamira. Ndinaona kuti mawu a ng'ombe sangathandize, ndiye ndinauza agogo kuti amalume akuthokoza moniwo. Amayi otsuka mbale anasiya kutsuka.

Agogo anagwedeza chitsulo ndi manja awiri, pogwira m'munsi mwa mikondo. Sichinasunthe. Ananena kuti kulimba kwa pamtunda sikuwerengedwa, akufuna kukwera, tikazungulire bango la chapafupi n'kubwerera. Anakwera, anakhala kutsogolo ngati mfumukazi, ine pambali pawo. Injini italira, boti linayamba kunjenjemera, ndipo zitsononkho zinayamba kudumpha chimodzichimodzi n'kugwera m'madzi. Ndinkaziona zikuyandama kumbuyo kwathu mondondozana. Ndinayesa kuphimba mikondo ndi manja anga, koma manja ndili nawo awiri okha. Agogo ankangoyang'ana kutsogolo. Ndikuganiza kuti mphepo inkawakomera, chifukwa nthawi ina ndinawaona akuwerenga mitima ija ndi chala.

Tinabwerera padoko bwinobwino, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti Mulungu amakonda anthu amanyazi. Amalume anachepetsa injini osaizimitsa. Agogo anaimirira, anagwira chitsulo pakati pa mikondo iwiri mosamala, anatembenuka, n'kuponda pamchenga ndi mwendo umodzi, kenako winawo. Mbedza ya pansonga ija inali italowa kale m'mphepete mwa kapulana yawo kumbuyo. Ine ndinaiona. Ndinati agogo, koma ndi mawu amene ngakhale udzudzu ukanandipempha kuti ndibwereze.

Agogo anayenda. Kapulana sinayende nawo.

Amalume ataona kuti apongozi awo akumasuka ngati mtolo, anachita zimene mkamwini woleredwa bwino ayenera kuchita: anatembenuza nkhope, thupi lonse, mwaliwiro. Chigongono chawo chinagunda kachitsulo ka giya, boti n'kuyamba kubwerera chambuyo, iwo atatsinzina, kapulana yamaluwa ofiira ikuuluka kutsogolo ngati mbendera ya sukulu. Ndinathamangira kukaikola, mkondo wina n'kundigwira dzanja la bulauzi. Tinakalowa m'bango chambuyo, amalume akufunsa ngati angatsegule maso, ine nditapachikika.

Musade nkhawa, agogo sanatsale maliseche. Amayi a msinkhu wawo savala nsalu imodzi. Titatuluka m'bango ndi nkhafi, tinawapeza ataima pomwepo ndi kapulana yam'kati, yobiriwira ya nsomba zoyera. Ndinkadikira kuti thambo ligwe. Amene anayamba kuyankhula ndi atiya, ndipo sankayang'ana boti, ankayang'ana m'chiuno mwa mayi awo.

"Amayi, imeneyo si nsalu yanga imene anandigulira bambo a mwanayu ku Cuamba? Ija munati inabedwa pachingwe?"

Agogo anati nsalu zimafanana. Atiya anati zimafanana ndithu, mpaka pomwe anapsereza ndi simbi. Mmodzi wa amayi otsuka mbale anagwetsa mphika, n'kuwerama nthawi yaitali kwambiri pouutola, mapewa akugwedezeka. Atiya anachoka padoko. Anapita kumudzi, anabwera ndi chikwama chawo pamutu, anandipatsa mwana kuti ndimugwire, n'kukwera boti chakumbali, kutali ndi mikondo.

Munthu wamkulu sagonja opanda kanthu m'manja. Agogo anandiuza kuti ndiuze amalume kuti kapulana yatsopano yang'ambika, ndipo mlandu wake ndi chitsulo chomwecho. Achimasule, akufuna kutsekera khola la mbuzi, afisi avuta. Uthenga umenewu ndinaunena wonse osasintha. Amalume anamasula mabawuti mofulumira kuposa mmene anawamangira, maso ali pansi, n'kuchitula pamchenga ndi manja awiri. Agogo anagwira mtima umodzi wachitsulo n'kunena, osayang'ana munthu, kuti amene anapanga chimenechi ndi mmisiri. Kenako anawonjezera kuti Lamlungu likubwerali adzabwera kudzaona mdzukulu, ndipo sadzakwera boti lopanda pogwira.

Pobwerera amalume ankaimba nyimbo ya ku tchalitchi molakwitsa mawu. Atiya anawauza kuti aonda ngati nkhafi. Ine ndinayesa kupepesa, koma injini inali ikulira, ndipo palibe anamva. Pondikweza njinga yamoto amalume anandipatsa zidutswa za chitsulo chakale zija, n'kundiuza kuti nthawi ino chikhale paipi yokhayokha, yosalala ngati mpini wa khasu, ndipo amesitiri akatulutsa mikondo ndinene kuti ayi. Anandiuza kuti ndiyeserere pomwepo. Ndinati ayi. Anati sanamve.

Ndaganiza bwino njira yonse. Amesitiri anandikomera mtima, ndipo akamva kuti geti lawo lagolide likulondera mbuzi ndidzafa ndine. Kumukana munthu woteroyo pamaso sindingathe, ndisadzinamize. Kuli wowotcherera wina kutsidya kwa msewu wa ku malire, bambo wolusa amene sayankha moni ndipo anthu amati sanapatsepo munthu ngakhale msomali waulere. Mawa ndikaweruka kusukulu ndipita kwa ameneyo. Ndidzazungulira kuseri kwa chigayo, zitsulo nditazikulunga mu nsalu, kuti amesitiri asandione.