Londoni ya a Fletcher

Inu, tamverani za mlamu wanga a Fletcher, amene anakwatira mlongo wanga Edina kwa Maganga kuno. Anali kalaliki pa kampani ina ya nsomba, ndipo chaka china, bwalo la ndege la ku Lumbadzi litangotsegulidwa, mabwana anawasankha kukachita kosi ku Londoni. Basitu, mudzi wonse tinaleka kupuma!

Aliyense wokumana nawo ankaphunzitsidwa mtunda. Ati kuchoka ku Lumbadzi kukafika ku Londoni, wapanjinga angamere imvi asanafike ndi pakati pomwe, koma ndege imangodya usiku umodzi, mgonero kuno, kadzutsa kwa azungu. Ngakhale pamaliro, anthu akulira, iwo ali pambali kujambula njira ya ndege pamchenga.

Tinapha mbuzi yotsanzikana. Edina anawachonderera kuti anyamukiretu akagone ku Lilongwe, koma iwo anaseka.

"Mayi, munthu wokafika ku Londoni usiku umodzi angagonere Lumbadzi panjira? Pamenepa ndi pakhonde."

Tinanyamuka tsiku lenilenilo, ine nditasenza sutikesi. Pa depoti ku Salima anyamata a chipani anafunsa khadi. A Fletcher anasolola pasipoti monyada. Anyamatawo anati imeneyo akaonetse azungu, kuno akufuna khadi, ndipo khadilo linali litatsala m'malaya ena kunyumba. Poyang'anitsitsa anaonanso kuti tsitsi, limene mkuluyu ankaweta kuti likamuteteze ku chisanu, lapyola muyeso. Anawameta pomwepo, mutu n'kukhala ngati munda wolimidwa ndi waganyu wokwiya. Pamene ndinkafika nalo khadi pa njinga yobwereka, basi inali itapita kalekale.

Tinakwera lole ya mpunga. Inafera pachitunda, n'kukankha tonse, a Fletcher ali m'suti, gaga ndi thukuta kumaso. Tikuyandikira ku Lumbadzi, chinthu chinadutsa pamwamba pathu chikubangula. Anachiyang'ana mpaka chinalowa m'mitambo, kenaka anati mwina ndi ina. Sinali ina. M'mawa mwake kulikulu la kampani anawauza kuti kosi yapita, ntchito yapita nayo.

Paja amati wadya mbuzi yotsanzikana sabwerera pakhomo. Anandilumbiritsa kuti ndisaulule, n'kukabisala kwa mnzawo ku Chipoka miyezi yonse ya kosiyo. Edina ankati akamva ndege, amatuluka panja kukapempherera mwamuna wake.

Anabwera m'chilimwe, dzuwa lija loti nkhuku imayenda yoyasama, atavala chijasi chaubweya cha pakaunjika, akulankhulira m'mphuno. Anthu anasonkhana pabwalo. Anayamba kufotokoza za chisanu cha kumeneko, chijasi atamanga mabatani mpaka m'khosi. Asanafike pa nkhani ya ndege, maso anatembenuka, thapsa pansi!

Amene anathamanga ndi madzi anali mayi Fanny, ogulitsa nsomba, omwe anabwera kudzaona abale. Atawathira kumaso anawayang'ana bwinobwino.

"Kodi si bambo aja akhala akundiyanikira usipa ku Chipoka miyezi yonseyi? Ndimawafunafuna, anachoka osatsanzika."

A Fletcher anali atatsitsimuka, ndinaona chikope chikugwedera, koma anasankha kukomokabe. Edina anaimirira, nakutumula chitenje chake, n'kutembenukira kwa ine.

"Achimwene, azunguwa akadzuka muwauze kuti sitima yobwerera ku Londoni kwawoko inyamuka mawa pa siteshoni. Musenzenso sutikesi, njira mukuidziwa."