Tsiku Limene Ndinasamutsa Manda a Mjeremani

Nkhani iyi ndinkafuna ndidzafe nayo, koma popeza a Mukhova akuigulitsa kale pamsika wa ku Boma atathiramo mchere wawo, bola ndiinene ndekha. Ndi yochititsa manyazi, ndipo chitsiru chake ndine.

Ine ndine Dinesi, mkamwini kuno ku Fort Lister. Munda umene ndimalima ndi wa akuchikazi, koma zitsa ndinazula ndine, miyala ndinatuta ndine. Utati wachoka mundawo, ine ndatsala ndi bulangeti ndi njinga yopanda mabuleki.

Pakona pa mundawo, pansi pa mkuyu, pali mulu wa miyala ndi chitsulo chadzimbiri. Abale a mkazi wanga amati pa Mjeremani. Akuti mzungu wina wakalekale anabwera kudzakhala kuno, anakwatira mkazi wa konkuno, n'kufera pompo. Kwa ine anali malo ongowonongeka pomwe pakanalowa chinangwa.

Titangokolola nandolo, mkazi wanga, mayi a Esime, anapita ku Boma kukadikirira mng'ono wawo kuchipatala. Ndili ndekha choncho, galimoto yoyera inaima pakhomo. Munatsika bambo wonenepa woyererako ndi mayi wachizungu, onse atavala matisheti ofanana.

"Wawa bambo!" anatero wonenepayo. "Ine ndi tcheya wa bungwe la family history. Tonse m'bungwemu ndife zidzukulu za Ajeremani oyamba kudzakhala m'dziko muno. Awa ndi mayi Gerida, achokera ku Germany kwenikweniko. Tikufuna manda a agogo athu."

Anatchula dzina la agogowo. Linamveka ngati munthu watsamwa ndi munga wa mlamba.

"Mukufuna muwatani?" ndinafunsa. "Adzuka?"

A Tcheya anaseka. "Ayi bambo. Tingoona, tijambule, tiyeze."

Tiyeze! Ndinayang'ana m'thumba la shati yawo, tepi ikusuzumira. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma tepi ndimaidziwa. Tepi ikalowa m'munda, khasu limatuluka. Kuseri kwa phiri la Mulanje uku makolo anangoona mzungu akuyeza, kudzadzidzimuka poti panali chimanga pamera tiyi. Ndiye lero zidzukulu zabwera ndi matisheti? Wachibale wanji wokumbukira maliro atatha zaka zonsezi? Ndinati mumtima, awa akufuna munda.

"Dikirani pang'ono, ndikamange mbuzi," ndinatero.

Mbuzi ndilibe. Ndinathamangira kumkuyu, ndinaunjika mitengo ya nandolo pamiyala paja mpaka chitsulo chinabisika. Pobwerera nzeru inali itapsa kale.

Munda wanga unachita malire ndi wa a Mukhova, bambo amene chaka chilichonse amandibera mzere umodzi kenako n'kumandilonjera mwaulemu kutchalitchi. Tsiku limenelo anali atapita ku Mozambique kukagula chimanga. Kuseri kwa nyumba yawo, pakati pa nthochi, pali malo otitimira pang'ono, otalika ngati munthu wogona. Ndi chimbudzi chawo chakale. Atasiya kuchigwiritsa ntchito anangogumula zipupa n'kuthira dothi pamwamba pa mitengo yoyala ija. Ndimadziwa bwino chifukwa mitengoyo ndinadula ndine paganyu.

Ndinawatsogolera alendo aja, ndinavula chipewa.

"Ndi apa."

Abale inu, mayi Gerida anagwada pomwepo, misozi mbwembwembwe! Anayankhula zakwawo, a Tcheya n'kumasulira.

"Akuti taonani mmene nthochi zakondwera. Agogo anali munthu wokonda zomera."

"Eya," ndinatero. "Mpaka pano akuzidyetsabe."

Mayiwo anatulutsa kabotolo, anatapa dothi ndi manja awiri, anakapsompsona kabotoloko. Apo chisoni chinandigwira pang'ono, koma a Tcheya atasolola tepi ija n'kuyamba kuyeza, ndinalimbanso. Ndinati, Mukhova, mizere yanga yonse ija ubweza lero ndi chiwongoladzanja.

A Mukhova atabwerako ndinatchera khutu kudikira kulira. Zii. M'malo mwake galimoto yoyera ija inayamba kumaima pakhomo pawo. Ulendo wina inatsitsa simenti. Ulendo wina malata, akuti othokoza mlonda wa manda. Tsiku lina ndinangoona a Mukhova akudutsa pamalire atavala tisheti ya bungwe, mimba patsogolo.

"Mwadzuka bwanji a neba? Agogo akupereka moni!"

"Sekani," ndinayankha. "Nsomba nayo imasekerera nyambo."

"Yes, yes," anatero, n'kumapita akuimba mluzu.

Mluzu umenewo unandisowetsa mtendere. Munthu akulandidwa munda angaimbe mluzu? Ndinaganiza kuti mwina agwirizana ndi Ajeremaniwo kuti atengere limodzi ndi wanga womwe. Ndinayamba kuyendera malire m'mawa uliwonse, kufufuza zikhomo. Mnyamata wa kabaza akangoima pafupi n'kuyang'ana foni, ine ndafika kale ndi khasu: "Ukujambula chiyani?" Ngakhale abusa atandifunsa kuti chinangwa chikuyenda bwanji, ndinawayankha kuti afunse amene awatuma.

Mudzi wonse unkadziwa kuti manda enieni ali kwa ine, unkadziwanso chimene chili pansi pa nthochi za a Mukhova. Koma palibe anatsegula pakamwa, chifukwa kunamveka kuti tsiku loika mwala wa chiliza kudzakhala mpunga ndi mbuzi.

Tsikulo linafika mvula yoyamba itagwa kale yamphamvu. Kunabwera minibasi yodzaza ndi mamembala ochokera ku Blantyre ndi ku Zomba, ena oyera, ena akuda kuposa ine, onse agogo awo mmodzi. Mafoni m'mwamba. Ine ndinapita kuti ndikaone ndi maso anga a Mukhova akuuzidwa kuti asamuke.

Pemphero litatha, a Tcheya ananyamula mwala wolemera wolembedwa dzina lotsamwitsa lija. A Mukhova anakweza dzanja.

"A Tcheya, ulemu upite kwa mwini wake. Mandawa ine sindinkawadziwa n'komwe, ngakhale ndakhala ndikubwera pamenepa m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri."

Amayi ena kumbuyo anabisa nkhope m'zitenje.

"Amene anatitsegula maso ndi a Dinesi. Mwalawu akaike iwowo, pakati penipeni."

Anthu m'manja phwaphwaphwa!

"Pamanda sapondapo," ndinatero. "Ndi malaulo."

"Awa ndi manda achizungu, alibe malaulo," anatero a Mukhova. "Kapena pali china chimene mukuopa, a neba?"

"Come on bambo, don't be shy!" anatero a Tcheya, n'kundisenzetsa mwala uja pachifuwa.

Ndikanatani? Kukana ndiye kuulula, kuulula ndiye tepi yalowa m'munda mwanga. Ndinawerengera mumtima kuti mitengo ija inali ya bulugamu, ndinasankha ndekha yokhwima. Ndinaponda kamodzi, bwinobwino. Kachiwiri, pansi panayankha kuti khee. Ndinafika pakati, ndinawerama kuti ndiike mwala.

Phofo!

Ndinalowa mpaka m'khwapa, mwala uli chikumbatire. Mphemvu zinatuluka ngati ana asukulu poweruka. Kenako kunabwera fungo, lokhwima bwino, losungidwa.

"Agogo akwiya!" anakuwa mayi wina wa ku Zomba, akuthawira kuminibasi.

"Ayi, alandira mlendo!" anatero a Mukhova, atagwira nthochi kuti asagwe ndi phwete.

Mayi Gerida ankangoti "Oh my God, oh my God," uku akufunafuna mafupa a agogo pafupi ndi nthiti zanga.

Nthawi yomweyo kabaza inaima pamsewu. Anatsika mayi a Esime, kuchokera ku Boma, chikwama pamutu. Anadutsa pakati pa anthu, anandiyang'ana kuchokera pamwamba.

"Bambo a Esime, mukutani m'chimbudzi cha a Mukhova?"

A Tcheya anavula magalasi. Mayi Gerida anawakoka shati kuti amasulire. Anamasulira motsitsa mawu, ndipo mayiwo nkhope inafiira ngati tomato. Anayankhula mawu ochepa.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Mukhova.

"Akuti kabotolo kaja anatumiza kale kwawo. Kali pabalaza pa mayi awo, pambali pa maluwa."

Mkazi wanga atamva mutu wa nkhani sanandikalipire, ndipo zimenezo ndiye zoopsa. Anangoti, "Tiyeni kuno alendo." Gulu lonse linamutsatira kumunda kwanga. Ine ndinatsala m'dzenje ndikukuwa.

"Mayi a Esime, musawaonetse! Munda upita! Ali ndi tepi!"

"Munda wa ndani?" anayankha osatembenuka. "Amene anakwatiwa ndi Mjeremaniyo anali wa mbumba yathu. Inu mukubisa alamu athu ndi mitengo ya nandolo?"

Anandizula ndi anyamata a kabaza, pogwiritsa ntchito chingwe chimene anamangira mbuzi yaphwando. Ndinatsatira chapatali, chifukwa chapafupi sanandilole. Ndinafika a Tcheya akuyeza pansi pa mkuyu. Anakoka tepi uku, anakoka uku, anaipinda n'kubweza m'thumba.

"Basi?" ndinafunsa.

"Basi."

"Nanga kwinaku?"

"Kwinaku tikutani bambo? Ine ndimagulitsa matayala ku Limbe. Khasu ndinaligwira komaliza ndili kupulayimale."

Malo onse amene ankafuna ndi okwana mphasa imodzi, pomwe sindinalimepo n'kale lomwe.

Munda ndikulimabe. Chiliza chinamangidwa pansi pa mkuyu, mayi a Esime analandira tisheti, akuti ndi cousin. Malata anatsala kwa a Mukhova, anafolerera chimbudzi chatsopano. Mpunga ndinadyera kuseri kwa nthochi ndekha, mphepo ikuchokera kwa anthu. Ndipo mpaka lero ndikamadutsa pamsika, anyamata a kabaza amavula zipewa n'kumati, "Wawa agogo, mwadzuka liti?"

Ukanama za manda, usavomere kunyamula mwala.