Kafone M'khutu mwa Apongozi

Anzanga, nkhani iyi ndaisunga m'mimba chaka chathunthu, ndiye mukafuna kuseka sekani ine, malemu asiyeni agone, iwo sanalakwe kanthu.

Ine ndine pulofesori wa ana ang'onoang'ono pasikola ina kufupi ndi ku Lifidzi, ndipo ndimakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Selestina. Apongozi anga aamuna, a Bonifasiyo, anali katekista wakale, ophunzira kwa apadre ku Fonte Boa, munthu woti akayamba Chipwitikizi iwe wa dipuloma umangoyang'ana pansi. Chaka chatha anayamba kudwala m'mimba, kuonda, kuonda, mpaka tinawakweza shapa, minibasi ya kuno, kupita nawo kuchipatala ku Tete, kumene kumakhala alamu anga a Jasinto, mwana wawo woyamba. Adotolo anawapima, natibweza kumudzi ndi timapilitsi toletsa ululu basi, akuti zotsatira zonse adzauza a Jasinto. Aliyense ankaona kuti zinthu sizili bwino, koma tinapangana pachibale kuti pamaso pa odwala pasatuluke liwu loipa. Ukalowa m'chipinda mwawo umayenera kumwetulira n'kunena kuti, "Lero ndiye mukuoneka bwino, bambo," iwo n'kumangokuyang'ana.

Mwamuna pakhomopo ndinali ine ndekha, ndiye kuwanyamula ine, kuwasambitsa ine, kuwatembenuza ine, ndikachoka apo kuthamangira kusikola, pobwera kupeza akana phala, akufuna tiyi, tiyi wabwera akuti watentha, wazizira akuti mukundipatsa madzi otsukira mbale. Miyezi itatu! Ndiye tsiku lina Lachisanu, mutu utandizungulira, ndinapita kuseri kwa khola n'kuwajambulira alamu anga awudiyo, uthenga wa mawu uja timatumizirana pa telefoni. Zimene ndinanenamo muzimva posachedwa, ingodziwani kuti sanali mawu oti munthu wopita kumisa n'kulankhula.

Tsono masiku amenewo ndinali nditagula timafone ta m'khutu pamsika wa ku Domwe, topanda chingwe tija, tiwiri toyera ngati nyemba, tokhala m'kachikwama kake. Ukakatulutsa kamodzi n'kukaika m'khutu, kamadzilumikiza kokha ku telefoni, ndipo chilichonse chimene telefoni ingalankhule chimathera m'khutu limenelo, ngakhale telefoniyo ili m'chipinda china. Kalinso ndi pakamwa pake, ukamayankhula winayo amakumva. Zonsezi ndinkazidziwa bwinobwino, ndinkachita kuwafotokozera anzanga kusikola ngati ndinatipanga ndine.

Lamulungu m'mawa, mwezi wozizira uja chifunga chili mbuu mpaka khola osaliona, anthu akudutsa panjira kupita kumisa, ndinapeza apongozi akuyang'ana kudenga, misozi ili lengelenge. Munthu amene anaimbitsa nyimbo m'tchalitchi moyo wake wonse, lero wagona chagada akungomva mapazi a anzake. Ndiye nzeru inandibwerera, nzeru yabwino ndithu, yachifundo. Mu telefoni mwanga munali nyimbo za kwaya zambirimbiri. Khutu lawo lamanzere linagontha kale, ndiye ndinatenga kafone kamodzi n'kuwaika kumanja, kotsalako ndinakabweza m'kachikwama.

"N'chiyani chimenechi, akamwini? Mukundiika nyemba m'khutu?"

"Dikirani pang'ono, bambo, mumva."

Nyimbo itayamba, nkhope yawo inasintha, milomo inayamba kutsatira mawu, chala chikumenya pabulangete. Ine mumtima ndinati, ehe, pa akamwini onse a m'mudzi muno, alipo wina wonga ine? Ndinawafunditsa bwino, n'kutuluka ndi telefoni yanga kukakhala pakhonde, pansi pa zenera lawo lomwelo, kumachonga makaderno, mabuku olembamo ana, podikira dzuwa.

Munthu ukayamba kuchonga masamu a ana makumi asanu umaiwala ndi dzina lako lomwe. Patapita nthawi ndithu telefoni inanjenjemera, kuyang'ana, awudiyo yochokera kwa alamu a Jasinto, yaitali, mphindi zitatu. Ndinadziwa kuti zotsatira zija ndi zimenezi. Ndinayang'ana uku ndi uku, Selestina ali kukhitchini akusankha nyemba, palibe wina, ndinaitsegula n'kuika telefoni pakhutu kuti aliyense asamve. Chenjerani ndi munthu wosamala chinsinsi ngati ine!

Zii. Kamzere kakuyenda kusonyeza kuti munthu akulankhula, koma mawu osamveka. Ndinati mwina ndatsitsa mawu, ndinakweza pang'ono, n'kuyambiranso pachiyambi. Zii. Ndinaigogoda telefoni pabondo, ndinaiuzira mpweya pansi pake ngati ndikukoleza moto, ndinakweza mawu mpaka pamapeto penipeni, pomwe imakuchenjeza kuti uwononga makutu, ndinavomera kuti inde awonongeke, n'kuitsegula kachitatu. Mphindi zitatu zathunthu ndili duu, telefoni pakhutu, osamva kanthu.

Apa munthu wanzeru akanakumbukira. Inu mwakumbukira kale, si choncho? Koma pulofesori wanu anaganiza kuti mwina alamu ajambula molakwika, ndiye kuti ndidziwe ngati vuto lili kwa iwo kapena kwa telefoni, ndiyese awudiyo ina imene ndikudziwa kuti ndi yabwino. Ndipo imene inali pamwamba pomwepo inali iti? Yanga ya Lachisanu ija. Ndinaitsegula, mawu ali pamapeto pomwe paja, ndinaisiya iyende mpaka kutha, nayonso zii. Ndinatukwana wogulitsa telefoni, ndinatukwana redi, netiweki ya kuno kumapiri, kenako ndinati basi ndingowaimbira.

Inaitana, ndinaona kuti ayankha, masekondi akuwerenga. "Alo? Alo, alamu? Mukundimva?" Palibe. Ndikukuwa choncho, ndinamva mawu ofooka akutuluka pa zenera pamwamba pa mutu wanga.

"Jasinto. Ndakumva, Jasinto. Lankhula pang'onopang'ono, ukundiboola khutu."

Mudziwe kuti alamu angawo dzina analitengera kwa mkulu wawo wa apongozi, a Jasinto oyamba, amene anamwalira kalekale nthawi ya nkhondo. Ndiye ine, nditagwira m'manja telefoni yolembedwa Jasinto ndi zilembo zikuluzikulu, Jasinto wamoyo amene ndamuimbira ndekha, mutu wanga unathamangira kwa Jasinto wakumanda. Ndinatchera khutu pazenera.

"Usalire," anatero apongozi. "Ulendowu ndaukonzekera. Iwe ungondiuza kuti kwatsala masiku angati."

Epa! Ndinaponya telefoni pa makaderno n'kuthamangira kukhitchini. "Selestina, bwera msanga, bambo ayamba kulankhula ndi akufa!" Lichero la nyemba linagwa pansi, mkazi wanga anayamba kulira asanafike n'komwe pakhomo, ndipo mwatsoka nthawi imeneyo anthu anali akubwerera kuchokera kumisa. Azakhali ake a Selestina, a Mariya, atamva kulira anapatuka ndi amayi ena anayi, makorona ali kale m'manja. Tonse tinalowa m'chipinda, tinagwada mozungulira bedi, a Mariya anayambitsa pemphero la ovutika ndi imfa, ine ndikuyankha mokweza kuposa onse.

Apongozi ali gone, maso kudenga, akupitiriza nkhani yawo. "Ayi, Jasinto, matabwa a paini sindikuwafuna, amaola msanga. Pali mkungudza wanga uja kuseri kwa khola, karipinteru acheke umenewo."

Amayi aja atamva za matabwa kulira kunakwera, Selestina anadzigwetsa pamiyendo ya bambo ake. Pamenepo odwala anatembenuza mutu pang'onopang'ono, natiyang'ana mmodzimmodzi, n'kunena kuti, "Takhalani chete inu, simukuona kuti ndili pa telefoni?"

Ndi pomwe ndinakaona, koyera, kali phee m'khutu lamanja, pomwe ndinakaika ndi dzanja langali. Ndinayamba kuwerenga chammbuyo, kuimba kuja, awudiyo ya alamu katatu, ndiyeno ina ija. Ina ija! Ndinafuna dothi la m'nyumbamo litseguke ndilowe ndi mawondo omwe ndinagwadawo.

Anatsanzikana ndi mwana wawo, anachotsa kafone okha n'kukaika pachifuwa, nauza amayi onse kuti atuluke, ndi Selestina yemwe. "Akamwini atsale. Tsekani chitseko."

Ndinatseka.

"Uthenga wa Jasinto ndaumva katatu," anatero. "Koyamba ndinamva, kachiwiri ndinamvetsa, kachitatu munafuna kundimalizira khutu lotsalali. Akuti chotupa chafalikira, mvula yoyamba sindiiona, ndipo madala asauzidwe. Zimenezo musavutike nazo, ndinazidziwa kale ku Tete. Dotolo ankayankhula Chipwitikizi ndi mnzake pamutu panga ngati ndine thumba la mbatata. Ndimangokusiyani muzindinamiza chifukwa zimaoneka kuti zikukuthandizani."

Anapuma kaye, mpweya unkawavuta. Ine ndili chogwada, maso pa miyendo ya bedi.

"Koma uthenga winawo, wa mawu anu, umenewo ndiye unali wachilendo."

Ndipo anaubwereza wonse, liwu ndi liwu, paja katekista saiwala zimene wamva kamodzi. "Alamu, kunena zoona ife kuno tatopa. Inu muli ku Tete mukudya bwino, ine ndasanduka wotaya makopo a mikodzo. Madalawa ndi ovuta, sathokoza, ndipo sakuoneka kuti achoka msanga. Mulungu akanangowatenga akapume, nafenso tipumeko."

Panja amayi anali akunong'onezana. Ndinayesa kutsegula pakamwa, ndinati, "Bambo, ine, tsiku limenelo," mawu n'kuthera pomwepo. Ukanati chiyani? Kuti si ine? Mawu anga, chifuwa changa, mpaka tambala wathu akumveka kulira kumbuyo kwake?

"Musalire, akamwini," anatero. "Kutopa mwatopadi, ndimakuonani. Zoti sindithokoza, mwina n'zoona. Pirirani pang'ono, mwamva nokha kuti sipatali. Tengani nyemba yanuyi, nyimbo zinali zabwino."

Sanauze munthu, ngakhale mwana wawo. Akanandikalipira pagulu bwenzi zitandipepukira, koma iwo anasankha njira ina. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ndikalowa ndi beseni la madzi ofunda kuti ndiwasambitse, ndisanapereke n'komwe moni, ankayamba ndi iwo, mwaulemu wonse, "Pepani akamwini, ndadzukanso."

Tsiku ndi tsiku! Lolemba, pepani ndadzukanso. Lachiwiri, pepani ndadzukanso. Tsiku lina anachita kuwonjezera kuti, "Ndinayesetsa, koma zakanika." Selestina ankandifunsa kuti kodi bambo akupepesa chiyani, ine n'kumati ndi matenda, mutu wayamba kusokonekera. Mutu wake uti? Munthu anaitanitsa karipinteru, anamuuza muyeso wake yekha, anasankha nyimbo za pamaliro ake, anagawa mizere ya mbatata kwa adzukulu, zonse mwadongosolo, chifukwa tsopano panalibenso womunamiza. Ine ndinkawasambitsa mosamala ngati dzira, tiyi ndinkamuyesa pamkono ngati wa khanda, koma moni sanasinthe.

Anakhala masabata asanu ndi limodzi. M'mawa wina ndinalowa ndi beseni langa, ndinaima pakhomo kudikira mawu aja, ndinadikira, madzi akuzizira m'manja, osabwera. Mungakhulupirire kuti ndinawapempha? Ndinati, "Bambo, tanenani." Munthu amene ndinapempha Mulungu kuti awatenge, ndinalira mpaka a Mariya anachita kunditulutsa panja kuti akamwini salira choncho, anthu angaganize zina.

Titaika maliro, alendo atabalalika, chinthucho chinandikanika kusunga. Ndinamuitana Selestina kuseri kwa khola, pachitsa cha mkungudza uja, ndinamuuza zonse, ndinamupatsa telefoni kuti amve yekha, popanda kafone, poyera. Anamvetsera mpaka kumapeto nkhope ili gwa, ine ndikuganiza kale zoti mkamwini akathamangitsidwa amanyamula chiyani, bulangete ndi makaderno basi. Anandibwezera telefoni, anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mukuganiza kuti munatopa nokha?" anatero. "Inenso ndinkanena zomwezo tsiku lililonse pochapa zofunda kudambo. Koma ine sindinajambule."

Anatembenuka n'kupita, ndipo kwa masabata awiri ankandipatsa chakudya osandiyang'ana.

Timafone tija ndinakapatsa mnzanga wina kusikola, ndinamuuza kuti akafuna kuchitira munthu chifundo amubwereke njinga, khasu, ngakhale jekete, koma khutu la telefoni yake ayi. Ine ndinalumbira, ndipo mukhale mboni, kuti ndikadzatopanso ndi munthu ndizikauza mbuzi m'khola, telefoni nditaisiya m'nyumba, yozimitsa, pansi pa pilo.