Nkhadze za pa Jele Yakale

Sekani, imwe anyamata omanga mpanda, sekani mpaka simenti iume mu wilibala. Wamene akuti ninama abwere anigwire ndevu. Pano pamene mukuyala njerwa panali jele, ndipo ine ninamangidwamo pamodzi na mkulu wanga Yotamu chifukwa cha njati imene tinapha ku chigwa.

Jele yake inalibe mpanda. Mpanda wa chani? Kuseri kwa Kanakantapa kuno kunali kouma kwakuti ukalavula, mate anali kufika pansi ali fumbi, mbuzi zinali kutafuna miyala kuti zipeze malovu, ndipo mkaidi wothawa anali kubwerera yekha dzuwa lisanapendeke, lilime lili pachifuwa, kupempha asilikali kuti amumangenso. Mukumva? Asilikali akafuna tiyi anali kutikwapula kuti tilire, n'kutchera ketulo pansi pa chibwano.

Ine zinanikwana. Ninatenga khasu lakutha, lopanda na mpini womwe, ninakumba, ninapyola dongo, ninapyola mwala, ninapitirira mizu ya mlambe imene inatopa kale kufuna madzi, ninakumba mpaka belu la tchalitchi la ku Kasisi linayamba kumveka ngati likulira kumwamba kwa Mulungu, mpaka ninapeza anthu a ku migodi akudya, tinapatsana moni, ine n'kupitirira. Madzi pophulika ananiponya m'mwamba ngati chitsekerero cha botolo, ninakagwera pa mulu wa tomato mu msika wa Chongwe, n'kubwerera wapansi chifukwa chilango changa chinali chisanathe. Nalumbira, pali Mulungu!

Chitsime icho ndiye chinabala mudzi uno. Akazi a akaidi anabwera kudzamanga pafupi, jele itatsekedwa tinatsala, tinalima, tinabereka ana. Koma ludzu linali litatenga kale ambiri, na Yotamu yemwe. Mkaidi sanali kumuikira mtanda. Ise anzake tinali kubzala nkhadze kumutu kwake, munthu mmodzi nkhadze imodzi, mzere kutsika uko, ndipo mwana aliyense wobadwira pano anali kudziwa kuti pa nkhadze sapondapo, sakodzapo.

Manje kwabwera ba bwana banu ba ku Lusaka, bagula ploti, baona mzere wa nkhadze, bati, "Aa, mpanda wakale uwu, zulani timange wabwino." Kufunsa munthu, ai. Thirakitala inazula zonse, n'kusalaza, ndipo kumunsi uko mwakumba dzenje la chimbudzi chawo. Nikaliyang'ana dzenje ilo mtima umaniwawa, ninakwiya ndipo sinizaleka.

Dzulo mwana wa Yotamu wafika kuchoka kutali, wanyamula mtanda wachitsulo umene anawotcheretsa yekha, ati, "Ba tate ang'ono, nilangizeni pamene bagona ba tate."

Mukumva? Ine, munthu wamene anapeza madzi pansi pa dziko, ninazungulira ploti iyi yonse, iye akunitsata pambuyo. Sininapapeze. Mtanda uja wausiya wotsamira khoma la nyumba yanga, wakwera minibasi osanitsanzika.