Chiguduli Chakumaso ndi Apongozi Anga

Nkhani iyi akazi anga amaikamba paukwati uliwonse, ndipo amathira mchere wambiri. Bola ndidziyalutse ndekha.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ku Ludzi, nditangomanga kanyumba kanga. Mmisiri anandisiyira simenti yapansi ya mabampu ngati msewu wa ku Mkanda, moti tebulo linkagwedera lokha. Kenaka kunabwera uthenga woti apongozi anga aakazi, a Nabanda, afika Lamulungu kudzaona nyumbayo. Mayiwa ankadwala mphumu, komanso chikwatireni mwana wawo Esinati ankanditcha "aphunzitsi a choko," kutanthauza munthu wosadziwa ntchito yamanja. Mawuwa ankandiwawa. Ndinalumbira kuti adzapeza pansi posalala, ndipo sadzatsokomola ngakhale kamodzi.

Loweruka m'mawa ndinakabwereka gilayinda, makina opalira simenti, ndi jenereta kwa mnzanga wowotcherera zitsulo pa boma.

"Muziwaza madzi pansipo, aphunzitsi," anandichenjeza. "Fumbi la simenti si la choko."

"Madzi ndi magetsi? Ayi achimwene, ine ndili ndi pulani yanga."

Pulaniyo inali yapamwamba. Ndinatulutsa mipando, n'kutseka zitseko za kuchipinda ndi mapulasitiki ofolerera zigafa za fodya. Esinati ndi mwana ndinawatumiza kwa aneba. Zovala ndinavula kuti zisade, n'kutsala ndi kakabudula ndi patapata. Kumutu ndinadzivundikira chiguduli chonyowa, ndinaboola maso awiri, n'kuchimanga m'khosi ndi nsanza za chitenje.

Nditangoyatsa gilayinda, fumbi linangoti koboo. Posakhalitsa dzanja langa lomwe sindinkaliona. Thukuta linasakanikirana ndi simenti, thupi lonse mbuu, koma ine osasiya. Mwamuna salira.

Mwadzidzidzi jenereta inazima. Ndinatuluka chothamanga, ndikudzikuntha ndi kupondaponda pansi kuti fumbi liyoyoke.

Pabwalo panali a Nabanda, dengu lili pamutu. Anali atapeza matola, n'kufika tsiku limodzi msanga.

Kuno mkamwini akaona apongozi aakazi panjira amapatukira kutchire, nanga ine wopanda ndi malaya omwe! Ndinangouma. Iwo anandiyang'ana kamodzi, anatula dengu, n'kugwada pambali pa njira maso ali pansi. Anamasula kansonga ka chitenje n'kundiponyera kakobidi.

"Zikomo, dutsani," anatero motsitsa mawu.

Apo m'pamene ndinazindikira kuti akundiyesa gule wamkulu.

Ndinali ndi njira ziwiri: kuvula chiguduli n'kuima ndi kakabudula kokha pamaso pa apongozi, kapena kukhala gule. Ine kwathu n'ku Thyolo, kudambwe sindinapondeko, koma ndinasankha msanga. Ndinatola kakobidi kaja, ndinapalasa dothi ndi mapazi, ndinazungulira kawiri, n'kutulutsa kamawu kosongoka komwe mpaka lero sindidziwa kuti kanachokera kuti. Pabwalo ponse panadzaza fumbi. Ndinaliyatsa liwiro kulowa m'chimanga mpaka kudambo.

Kumeneko ndinasamba bwinobwino, ndinazembera kuseri kwa nyumba, n'kuvala malaya ndi tayi. Apongozi anali atakhala kwa aneba. Ndinakawapatsa moni ndili chapatali monga mwa ulemu.

"Ndakumana ndi chilombo pakhomo panu," anatero akutsokomola.

"Aa! Masana ano? Dera lino latha ndithu, mayi."

Ndinathira mafuta mu jenereta, n'kubwerera kuntchito mtima uli m'malo. Ulendo uno Esinati anandiimirira pakhomo ndi kheni yothirira mbewu. Tinkawaza madzi pang'ono, ine n'kupala, kenaka n'kukolopa matopewo asanaume. Fumbi silinaonekenso, ndipo pansi panasalala ngati mbale.

Madzulo a Nabanda analowa, anasisita pansipo ndi phazi, n'kugwedeza mutu. Ine ndinali pakhonde, khutu lili kuwindo, mtima ukusefukira ndi chimwemwe. Dzina la choko lija linali litafa.

"Esinati," ndinawamva akutero mokweza, "uwauze amuna ako kuti ntchito ayigwira, ndawavulira chipewa. M'nyumba muno mulibe fumbi. Londitsamwitsa ine ndi lija anandithira pabwalo povina. Uwauzenso kuti tsiku lina akafuna kukhala chilombo, azivula kaye patapata amene ndinawagulira ku Chipata."

Wodziwa ntchito akakuuzani kuti wazani madzi, abale anga, ingowazani madzi.