Tsiku Limene Ndinasokosera Nsomba

Ndivomere pachiyambi pomwe: ulendo umenewu ndinapita ngati wothandiza, ndinabwerako ngati wopalamula.

Mwana wanga Tamanda amaphunzira za m'nyanja ku Joni. Akuti nsomba zimalankhulana, anamgumi amaitanizana patali, koma phokoso la sitima limawasokoneza mpaka mwana kutayana ndi mayi ake. (Ine wowotcherera zitsulo kumafakitale a ku Kelvin ndinangoti "yebo", mumtima ndikuseka.)

Atabwera kutchuthi anabweretsa kamaikolofoni koviika m'madzi. Ankafunika kujambula mawu a nsomba za m'damu kuti akapereke kwa aphunzitsi ake, ndipo basi yake inali yonyamuka mawa lake padepoti ya Renkini. Ndinabwereka boti lachitsulo kwa mnzanga, ulendo.

Tili pakati pa damu, anaviika kachipangizoko n'kuvala zomvera m'makutu.

"Baba, zimitsani injini."

Ndinazimitsa. Koma bata linandisowetsa mtendere, ndiye ndinayatsa nyimbo pafoni, motsitsa ndithu, n'kuiika pansi pa boti.

"Baba!"

"Iwe, nsomba ilibe makutu."

Ndinazimitsabe. Kenako ndinaona bawuti yogwedera pampando. Mmisiri sangaione n'kuisiya. Ndinatulutsa sipanala, kuimanga, sipanala ija n'kupulumuka, m'madzi phoo! Ndinayamba kuiwedza ndi chopalasira, ngwe, ngwe, m'mbali mwa boti, uku ndikuitukwana m'Chindebele.

Tamanda sanakalipe. Misozi ili lengelenge, anangondiveka zomvera zija n'kubweza zimene anajambula. Abale inu! Kunali ngati fakitale yathu yonse yagwera m'madzi. Ngakhale phazi langa, lomwe sindinkadziwa kuti likuvina, linkamveka ngati hamala.

"Nsomba zimamva chonchi tsiku lililonse," anatero. "Pokathawira palibe."

Manyazi anandigwira. Ndinapinda manja, kukhala duu ngati pamaliro. Panapita nthawi ndithu, kenako m'makutumo ndinamva: khrr... khrr... thi, thi, thi. Kwina nakonso kunayankha.

"Zabwerera!" ndinakuwa.

Zinathawanso.

Tinadikira kachitatu, ine nditaluma chipewa, mpaka anajambula zokwanira.

Mwezi watha anaimba foni kuti wakhoza bwino. Aphunzitsi akuti anakonda kwambiri gawo loyamba lija, ndipo tsopano amaliseweretsa m'kalasi posonyeza mmene anthu amasokosera zam'madzi. Ndinafunsa ngati zotukwana zija zikumveka.

"Zonse, Baba. Ndipo theka la kalasi limamva Chindebele."

Masiku ano ndikapita kokawedza ndimazimitsa injini patali. Pakamwa pokha ndiye ndikuphunzirabe.